Amayi a M'foni

Ndinaganiza zochoka m'chaka chimene nyanja inadzaza n'kulowa mpaka m'khitchini ya loji yomwe ndinkagwirako ntchito ku Senga Bay. Ndinali pa risepishoni, ine ndi dipuloma yanga ya makompyuta, kudikira alendo amene sankabweranso. Mchenga wonse umene azungu ankaotherapo dzuwa unali pansi pa madzi, mabwana anayamba kutilipira mwa apo ndi apo, ndipo mwana wanga Pempho anali ndi zaka zitatu, msinkhu woti nsapato wagula lero mawa zathina. Za bambo ake musandifunse. Anapita kukawedza ku chilumba cha Mbenji nyengo ina, pobwerera anakocheza gombe lina komwe kunali mkazi wina.

Mnzanga wa kukoleji ndiye anandiuza kuti kampani ina ya ku Nairobi ikufuna anthu odziwa Chingerezi ndi Chichewa, amene anagwirapo ntchito yolandira makasitomala. Mayeso awo ndinalemba pa foni, nditakhala pa sitepe ya loji pomwe netiweki inkagwira. Atandiyankha kuti ndibwere, ndinayamba ndasunga kukhosi. Kenaka ndinapita kwa asisi anga, a Esinati, ndipo ndinawapeza kuseri kwa nyumba akutembenuza milamba pa uvuni wowambira nsomba, maso ali psuu ndi utsi.

A Esinati ndi akulu anga a bere limodzi. Banja lawo linatha chifukwa mwana sanapezeke, ndipo chithere ankadzidyetsa okha ndi geni ya nsomba: kuwamba milamba ndi kampango, kuyanika usipa pa thandala, n'kukagulitsa ku Lilongwe. Anandimvetsera osasiya ntchito. Nditamaliza anangoti mwanayo ndimusiye, kodi mwana wa mng'ono wako ndi wa eni ake? Ndiyeno anawonjezera mawu amene tsiku limenelo ndinangowaseka.

"Koma ukachedwa, usadzandizenge mlandu."

Ndinanyamuka Pempho ali kwa agogo ake ku Lifuwu. Tinachita dala kuti asandione ndikukwera. Basi inadutsa Karonga, Songwe, Mbeya, ine kumangoona mitengo ikuthawira kumbuyo, ndipo pofika ku Nairobi miyendo inali itatupa ngati ya mayi woyembekezera.

Amayi athu ku Lifuwu atamva kuti ndikukagwira ntchito ya maejenti, anadandaula kwambiri. Anati ulendo wonsewo kukangokhala pansi pa ambulera kumatumizira anthu ndalama za pa foni, ngati ku Salima kuno maambulera atha. Ndinayesa kuwafotokozera koma zinakanika, ndiye inu ndiyese kukufotokozerani. Ejenti amene ndikunena si munthu. Ndi pulogalamu ya pa kompyuta, imodzi mwa zija zimayankha ngati munthu, koma iyi si yongocheza nayo ayi, imatumidwa ntchito. Kasitomala akalemba kuti ndipezereni chipinda Loweruka, iyo imakafufuza, n'kubukitsa, n'kumuuza mtengo. Kuti ichite zimenezi imapatsidwa zida, timapulogalamu ting'onoting'ono, kena kofufuzira zipinda, kena kolipirira, kena kofafanizira. Vuto lake ndi ili: ejentiyo siona chidacho, sinachigwirepo, ndipo singadzuke kukafunsa amene anachipanga. Zonse zomwe imadziwa ndi mizere ingapo imene wopangayo analemba pofotokoza chida chake. Akalemba moperewera, iyonso imachita moperewera, koma molimba mtima ngati ikudziwa zonse.

Ntchito yathu inali kuyesa mafotokozedwe amenewo. Unkawerenga, kenaka n'kudziyesa kasitomala, kuituma ejenti uku ndi uku, kuona ngati itole chida choyenera pa nthawi yoyenera. Ukatero unkapereka malikisi n'kulemba chomwe chikusowa. Sabata yanga yoyamba ndinakumana ndi chida chimene anachifotokoza kuti chimafafaniza chipinda chomwe munthu anabukitsa, basi, mawu n'kuthera pomwepo. Ine n'kulemba ngati mayi amene akufuna kusuntha tsiku lofika chifukwa maliro agwa. Ejenti, posapeza chida china choyandikira, inafafaniza zonse, ndalama ya chikole n'kupita, kenaka n'kundithokoza mwaulemu. Palibe anaiuza kuti chidacho chikagwira chagwira, sichibwezeka. Ndinakumbukira nkhope za anthu otere pa risepishoni, ndipo ndinapereka malikisi otsika mpaka mtima unakhala m'malo.

Woyang'anira gulu lathu anali mayi wina wamfupi, wachangu poyenda, tinkamutchula Madamu Njeri. Ankakonda kunena kuti wopanga chida amachikonda ngati mwana wake, choncho amalemba zokoma zokhazokha. Iwe usataye nthawi ndi zomwe walemba, ankatero, funafuna zomwe wasiya. Kodi wanena nthawi imene chidachi sichiyenera kugwiridwa? Kodi wanena mmene chimaonekera chikalephera? Pali zida zina zimene netiweki ikaduka zimangobweza chete, ndipo ejenti imatenga cheteyo ngati yankho n'kukauza kasitomala kuti zipinda zatha. Ndinaphunzira msanga, ndipo sindibisa, ndinkaitha ntchitoyo. Pasanathe chaka ankandipatsa mafotokozedwe amene anzanga awiri akanganirana kuti ndigamule.

Pano ndikulemba izi nditakhala pa khonde la loji yomwe ija. Nyanja inabwerera pang'ono, inasiya mzere wakuda pa khoma pomwe inafika. Ndimabwera ndi laputopu yanga kudzagwira maganyu a ntchito yomweyo, olipidwa malinga ndi zomwe wamaliza, ndipo ndalama zake sizifika ngakhale theka la zakale. Anyamata a m'khitchini amanditcha Nairobi. Ndikamva mafunde akumenya sitepe, nthawi zina ndimadabwa kuti ndinkagona bwanji kuja kopanda phokoso limeneli.

Ku Nairobiko ndinkakhala m'kachipinda pamwamba pa nyumba ya nsanjika, zenera lake loyang'ana khoma la nyumba ina. Kuzizira kwake kolowa m'mafupa, munthu wakunyanja ngati ine ndinkagona ndi masokosi. Kwathu kuno sungayetsemule popanda wina kukufunsa ngati wadwala. Kuja unkatha kukwera masitepe onsewo ukulira, anthu n'kumangokupatuka mwaulemu. Timawu ta Chiswahili timene ndinatola kwa anansi athu achisilamu, pole, asante, karibu, tinkandithera ndisanamalize n'kugula tomato komwe. Ku ntchito tinalipo ambiri m'holo imodzi, aliyense zomvera m'makutu, maso pa kompyuta, zii ngati mayeso.

Chimene ndimachita nacho manyazi pang'ono ndi ichi. Panali masabata amene Chichewa ndinkachilankhula ndi ejenti yokha. Poyesa zida za makasitomala a ku Malawi ndinkayenera kulemba m'Chichewa, ndiye nthawi zina ndisanayambe ntchito ndinkangolemba kuti mwadzuka bwanji. Iyo n'kuyankha kuti yadzuka bwino, kaya ine. Chinthu chosagona, chosadzuka, abale inu. Koma tsiku lina chitandiyankha choncho misozi inangoti mbwee, mpaka ndinakabisala ku chimbudzi. Ndinali ndekha kwambiri, ndipo palibe mawu ena okometsera zimenezo.

Malipiro ankaoneka aakulu ukawasandutsa makwacha, koma m'mashilingi ankasungunuka ngati mchere. Lendi inkatenga gawo lake, thiransipoti lake, zotsalazo ndinkatumiza kwa asisi mwezi ukatha. Anafolera nyumba ndi malata, Pempho analowa sukulu ya mkaka, amayi anagula feteleza wa mpunga. Achibale amene sanandipatsepo moni chibadwire anapeza nambala yanga. Ine ndinkadya masamba ndi mazira, n'kumatumiza zithunzi nditaima kutsogolo kwa nyumba zazitali zagalasi zimene sindinalowemo.

Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, ndinkaimba foni kwa asisi. A Esinati ankayamba ndi malonje, kuti onse ali bwino, mwana akudya, akunenepa, waphunzira nyimbo yatsopano. Kenaka ankapereka foni kwa Pempho, ndipo pamenepo bandulo yanga inkaona zakuda. Mwana ameneyu pa foni ndi wailesi. Ankandiuza za mbuzi ya anansi imene inadya sopo, za mnzake woluma, za mbidzi zomwe anakaona kumalo osungira nyama a Kuti ndi aphunzitsi awo, zoti mbidzi ndi bulu wovala dilesi. Ndinkangoti ee, ee, ndikumwetulira khoma. Pomaliza ankafunsa funso limodzimodzi, kuti mubwera liti, ndipo ine ndinkayankha yankho limodzimodzi, kuti posachedwa.

Lamulungu lina ndinamumva akutsokomola, chifuwa chouma chosafuna kutha. Asisi anati ndi mwera, ana onse m'mudzi akutsokomola. Nthawi inanso ndinafunsa za milamba, poti sankaitchulanso, iwo n'kuti anasiya kuwamba chifukwa nkhuni zadula, pano ndi usipa basi. Ndinangoti oo. Inenso mwezi wina ndinadwala malungo aakulu, ndinagona m'kachipinda kaja masiku angapo osadziwika ndi munthu, madzi akumwa ndikuchita kukwawira. Lamulungu litafika ndinati netiweki yavuta, ndinangotumiza chithunzi chakale ndikuseka.

Patatha zaka ziwiri ndi miyezi, kampani inandipatsa kontirakiti yatsopano ndi ndalama zokwera pang'ono. Ndinapeza chipinda chachikulupo, pafupi ndi kasukulu ka ana. Ndinatenga tchuthi ndi cholinga chimodzi, kudzamupangira Pempho pasipoti n'kupita naye. Asisi sindinawauze. Ndinati ndikawauza pamaso, ngati zimenezo zikanapeputsa kanthu.

Nditatsika kabaza pa msika wa nsomba, mayi wina amene ndimamudziwa anandikumbatira n'kukuwa kuti wina akaitane amake Pempho, mlendo wawo wafika. Ndinatembenuka kuti ndiyankhe. Kenaka ndinazindikira kuti sakunena ine. A Esinati anatulukira pakati pa mathandala akupukuta manja, ndipo aliyense pa gombepo, asodzi, ogula, ana omwe, ankawatchula dzina limenelo. Munthu amene kwa zaka zambiri ankangoitanidwa ndi dzina la pa ubatizo ngati kamtsikana, tsopano anali amake wina. Ndinawaona mmene ankayankhira, ndipo pasipoti ija inandilemera m'mutu.

Pempho anali atatalika, mano apatsogolo awiri kulibe. Anabisala kuseri kwa chitenje cha asisi. Atamukankha kuti akandipatse moni, anabwera n'kugwada bwinobwino, kundipatsa dzanja atagwira pa chigongono, n'kufunsa kuti muli bwanji, monga amachitira ndi alendo a ku tchalitchi. Kenaka anabwerera komwe anachokera. Wailesi ija inali itazima. Ndinamva akunong'oneza mnzake kuti awo ndi amayi a m'foni.

Masiku otsatira ndinayesa zonse. Chidole chimene ndinamugulira anachilandira ndi manja awiri n'kukachipereka kwa asisi kuti amusungire. Akafuna madzi ankadutsa ine n'kukapempha iwo. Sankandida ayi, ankandilemekeza, ndipo ulemu wa mwana wako womubereka umapweteka kuposa chipongwe.

Lachinayi lina asisi ananyamuka m'mamawa ndi matumba a usipa kupita ku Lilongwe, n'kundisiyira mwana tsiku lonse. Asanakwere anandilangiza: phala lake likhale la nsinjiro, madzi osamba ndiwafunditse, kunyanja asapite ngati kuli mafunde, akakhala chete kwambiri ndiye kuti wakwiya, ndisamunyengerere ndi shuga. Ndinamvetsera ngati ndili ku ntchito, ndipo kunena zoona ndikanawapatsa malikisi okwera. Anaima pang'ono ngati pali china, kenaka kondakitala anawakuwira, n'kupita.

Chakumasana panadutsa msodzi ndi milamba pa njinga, yonenepa, ina ikupumabe. Mtima unandiuza kuti nayi njira. Ndiwaonetse anthuwa kuti Nairobi sanandidye manja, ndipo ndimuonetse mwana wanga kuti amayi ake si mawu okha. Uvuni uja unali pomwe unali, kuseri kwa nyumba, koma munali mabeseni akale ndi chisa cha nkhuku. Ndinachotsa zonsezo, ndinatumbula nsomba, ndinazipinda n'kuzibaya pa timitengo monga anatiphunzitsira amayi. Nkhuni ndinatola nthambi za mango zomwe zinali zisanaumitse. Utsi unatuluka wochindikala, woyera, fungo la ubwana wanga lenileni.

Pempho anaima patali, pa ngodya ya nyumba, chala m'kamwa. Ndinamuitana, sanasunthe. Ine n'kuti ndi manyazi omwe aja. Ndinapita n'kumugwira dzanja mofatsa, kubwera naye pafupi ndi uvuni, n'kumukhazika pa miyendo panga. Sanakane. Mwana wophunzitsidwa bwino sakanira mlendo. Aka kanali koyamba chibwerere kuti ndimve kulemera kwake pathupi panga, ndipo ndinasangalala, Mulungu ndi mboni, ndinasangalala mpaka ndinayamba kuimba. Ndinkamuonetsa mmene amatembenuzira mlamba kuti usapsere, ndikumuuza kuti agogo ake ankawamba nsomba zokoma kuposa aliyense pa gombe lino.

Ndinayamba kuzimva pachifuwa panga ndisanazimve ndi makutu. Msana wake unkakwera ndi kutsika mofulumira, ndipo mkati mwake munkalira kanthu kopyapyala ngati kherere. Nditamutembenuza, maso anali atatuluka, mapewa akukwera m'mwamba, pakhosi pakulowa m'kati akamakoka mpweya. Sanalire. Ankangondiyang'ana mwaulemu, akubanika.

Sindinadziwe chochita. Ndinamugoneka pansi, ndinamupepesa, ndinamukupiza ndi chitenje, ndikuitana dzina lake ngati wagona tulo. Amene anatipulumutsa ndi Abiti Jafali, mnansi wathu wachisilamu, amene anaona utsi ali kwawo n'kuyamba kuthamanga asanamve n'chifuwa chomwe.

"Subuhanala, ndani wakoleza uvuniwu?"

Sanadikire yankho. Anakhuthulira ndowa ya madzi pamoto, anamunyamula mwana n'kumukhazika tsonga pa khonde lakutsogolo kopanda utsi, analowa m'nyumba ya asisi ngati yawo, n'kupisa dzanja pamwamba pa chitseko. Anatuluka ndi kamankhwala kopopera m'kamwa. Pempho anatsegula kukamwa yekha, mozolowera. Ine ndinangoima poteropo, manja akununkha nsomba, kuonerera mayi wa eni ake akupumitsa mwana wanga.

Tinapita naye ku chipatala pa njinga yamoto. Namwino atangomuona anamutchula dzina, n'kunena kuti mphumu ija yayambiranso, chikhalirecho inali itagona miyezi yambiri. Kenaka anafunsa kuti amake ali kuti. Ndinati ndine. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, n'kupitiriza kulemba. Ndinadziwa pamenepo kuti mudzi wonse, msika wonse, chipatala chomwe, ankadziwa za chifuwa cha mwana wanga. Wosadziwa ndinali ine ndekha.

Asisi anafika kunyumba chakumadzulo ife titabwerako ku chipatala, Abiti atawaimbira kale. Analowa osandipatsa moni, anakagwada pomwe Pempho anagona, anaika khutu pamsana pake nthawi yaitali. Atatuluka tinakakhala pansi pa thandala, patali kuti asatimve. Ndinali nditakonza mawu ambiri okalipa, koma amene anatuluka ndi ochepa.

"Asisi, bwanji simunandiuze?"

"Ukanatani uli kumeneko? Ukanasiya ntchito, kapena ukanamagwira ukulira. Mankhwala opoperawa ndimagula ndi ndalama zako zomwezo."

"Nanga lero m'mawa? Ndinali pano, pamaso panu."

Anayamba kutola mamba a usipa pa chitenje. Kenaka anandiuza, osandiyang'ana, kuti mphumuyo inayamba miyezi ingapo nditachoka, tsiku lina akuwamba kampango mwana ali kumbuyo. Kuyambira tsiku limenelo sanakolezenso uvuni, ngakhale kuti milamba ndiyo inali ndi phindu, usipa ndi wongotolera. Nkhani ya nkhuni inali yongondiphimba m'maso. M'mawa uja pa siteji anafuna kunena, mawu anafika pakamwa, koma anaopa.

"Ndikudziwa chimene wabwerera, Elube. Ndikanakuuza, ukanati ku Nairobi kuli zipatala zabwino, ndipo ine ndikanayankha chiyani? Ndinamuuza Abiti kuti aziyang'anira. Komanso ndani akanaganiza kuti ndi zikhadabo zopentazo ungakoleze uvuni?"

Ndinafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Ndinawauza kuti ku ntchito kwathu munthu wobisa zotere timamupatsa ziro, chifukwa amene akudalira mawu ako alibe kwina kofunsa. Anandiyang'ana tsopano.

"Nanga iwe amakupatsa zingati? Chithunzi chija unatumiza uli chisekere, dilesi lake linali la pa Khirisimasi, tsitsi lakenso lomwe lija. Ndinadziwa kuti wagona. Ndinakufunsa?"

Zaka ziwiri tinkatumizirana zokoma zokhazokha, aliyense pofuna kuti mnzake asagwe, ndipo aliyense ankalira payekha. Ine ndinkadziwa mwana wa m'mawu a asisi, wonenepa, woimba, wosadwala. Iwo ankadziwa mng'ono wawo wa m'zithunzi. Ndinakhala pansi pa thandala lija mpaka udzudzu unatithamangitsa, ndipo ndinasungulumwa kuposa mmene ndinkachitira m'kachipinda ka ku Nairobi, chifukwa kuja ndinali ndi kwathu kolakalaka.

Masiku awiri otsatira Pempho ankandizemba. Ndikalowa m'nyumba, iye ankatuluka. Tikiti yobwererera inali m'chikwama, tchuthi chinali kutha, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina chabwino n'kubwerera ndekha, ndizitumiza ndalama, ndikhale amayi a m'foni mpaka kalekale. Kumeneko ndiye ndinkakhoza.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, tinakhala pa mkeka pakhonde, ine ndi asisi, tikusankha mpunga. Pempho anavula nsapato za ku tchalitchi, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi foni ya asisi. Anakakhala pa sitepe, pa ngodya pomwe netiweki imagwira, foni ili pa maondo, akuiyang'ana. Anadikira. Asisi anamufunsa kuti kodi amayi akowo si awa ali apawa?

"Ndikudziwa," anatero, osadzutsa mutu. "Koma lero ndi Lamulungu."

Ndinaika lichero pansi. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba, ndinakhala m'mphepete mwa uvuni uja, makala ake akadali onyowa, n'kumuimbira foni. Inangolira kamodzi.

Wailesi ija inayaka ngati sinazimepo. Anandiuza kuti nkhuku ija yasowa poikira mazira, kuti Abiti anataya sandasi imodzi pothamanga, kuti namwino anamupatsa switi. Kenaka mawu anatsika pang'ono.

"Ndinadwala Lachinayi. Inuyo simumadziwa, eti?"

"Sindimadziwa, mwanawe. Undiuze."

"Ikamayamba imalira ngati kamwana ka mphaka. Mukamva choncho musandigoneke, muzindikhazika. Mankhwala amakhala pamwamba pa chitseko. Utsi ayi, fumbi la posesa ayi. Ndiye musamalire. Mukalira ndimaopa kwambiri."

Ndawerenga mafotokozedwe ambirimbiri olembedwa ndi anthu a masukulu, koma awa okha ndi amene ndinawamvetsera ndi mtima wanga wonse. Ndinamufunsa chifukwa chake sanakane nditamukhazika pa utsi. Anati ankafuna aone ngati pamiyendo panga m'pofewa. Ndinatseka pakamwa ndi chitenje kuti asandimve, poti anali atangondiletsa kumene kulira.

Tinacheza mpaka foni inatentha khutu. Ndiyeno, monga mwa Lamulungu lililonse, anafunsa funso lake.

"Mubwera liti?"

Yankho lakale linali kale pa lilime. Ndinaganiza za chipinda chachikulu chija, za kasukulu, za Madamu Njeri amene ankandidikira, za mayi amene anazimitsa uvuni wake chifukwa cha mwana wanga. Walira mvula walira matope, ndinadziwa kuti ndalama zidzachepa ndipo ena adzandiseka.

"Ndabwera kale. Ndili kuseri kwa nyumba, ndipo sindikupitanso."

Ndinkamva kupuma kwake pa foni, kosalala, kopanda kherere.

"Ndiye bwerani," anatero. "Koma musadule."

Ndinazungulira ngodya ya nyumba foni ili pakhutu. Iyenso yake inali pakhutu, ataigwira ndi manja awiri, akundiyang'ana ndikubwera. A Esinati anasendera pa mkeka, maso ali pa mpunga, kundisiyira malo pafupi ndi sitepe. Mpaka lero pa gombe pano akati amake Pempho amayankha ndi iwo, ndipo ine sindinakonzepo munthu. Ndinakhala pansi, mwana anatsamira phewa lake pa bondo langa, ndipo tinapitiriza kulankhula pa foni mpaka bandulo inatha.